Njinga ya Mwana Wolumala: Mphatso Kapena Ufulu?

M'chaka cha 1994 boma la Malawi lidalengeza kuti maphunziro a pulayimale ndi aulere, ndipo ana adakhamukira kusukulu mwaunyinji. Komabe m'midzi ya m'mapiri a Tsangano ndi m'chigwa cha Bwanje ku Ntcheu mudatsala ana ena amene miyendo yawo idapuwala chifukwa cha poliyo, malungo a m'bongo kapena zovuta za pobadwa. Mwana amene amakwawa sangaipeze sukulu yaulere ngati ili kutsidya kwa mtsinje. Funso n'lakuti: kodi njinga ya mwana wotere ndi mphatso ya anthu achifundo kapena ndi ufulu wake?

Ambiri amati ndi mphatso. Kupatsa n'kuika, ndipo palibe anganyoze ntchito ya bungwe la Malawi Against Polio, lomwe lidayamba mu 1979, kapena ya chipatala cha Beit CURE chomwe chidatsegulidwa ku Blantyre mu 2002. Koma vuto la mphatso n'lakuti wopereka ndiye amasankha, pamene wolandira amangothokoza. N'chifukwa chake mwana wa zaka 7 amalandira chikuku cha munthu wamkulu chopangidwira pansi pa simenti. Chikukucho chimamupotoza msana ndi kumutulutsa zilonda, ndipo gudumu likathyoka pamiyala chimasanduka chogonapo nkhuku. Bungwe la WHO lidalangiza mu 2008 kuti njinga iyenera kugwirizana ndi msinkhu wa mwini wake ndiponso malo amene akukhala, komanso ikhale yotheka kuikonza pafupi. Mwana amakula, motero njinga imodzi siikwanira ubwana wonse. Zoterezi zimafuna udindo wopitirira, pamene chifundo chimabwera mwa apo ndi apo.

Ena amatsutsa kuti dziko losauka, lomwe zipatala zake zimasowa mankhwala, silingagulire mwana aliyense njinga. Mfundoyi ndi yomveka. Koma njinga ikasowa, mtengo wake umalipidwa ndithu. Amaulipira ndi mayi amene amabereka mwana wa zaka 12 kumsana m'malo mopita kudimba la mbatatesi, ndi mlongo amene amasiya sukulu kuti azilera mbale wake. Dziko limaoneka ngati lapulumutsa ndalama, pamene katunduyo langomusenzetsa osauka.

Ngakhale malamulo amavomereza kuti uwu ndi ufulu. Mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations loteteza anthu olumala, ndipo dzikoli lidakhazikitsa lamulo lowateteza mu 2012 ndi lina latsopano mu 2024. Ufulu ukalembedwa, mwana amakhala ndi mphamvu yofunsa, ndipo akuluakulu amakhala ndi mlandu woyankha.

Komatu mutu umodzi susenza denga. Njinga n'njopanda ntchito ngati khomo la kalasi lili ndi masitepe kapena la chimbudzi n'lopapatiza. Mudzi umene umaumba njerwa za sukulu ungathenso kusalaza njira yolowera. Wokonza njinga zakapalasa pamsika wa Lizulu angaphunzire kukonza chikuku. Ophunzira anzake angasinthane kukankha pachitunda.

Kulumala sikusankha khomo, pakuti ngozi imodzi pamsewu wa M1 ingathe kukhazika pansi munthu wothamanga. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Choncho mudzi wopatsa mwana njinga yomuyenera usayembekeze kuombedwa m'manja, chifukwa wangobweza ngongole imene unali nayo kwa mwanayo.