Kodi Utsogoleri Ungaphunziridwe pa Manda?

M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 2006, gulu la anyamata ndi atsikana lidanyamuka ku France kupita ku Rwanda. Anali Ayuda ophunzira m'mayunivesite, ndipo ulendowo udakonzedwa ndi bungwe lao la Union des étudiants juifs de France, limene mtsogoleri wake pa nthaŵiyo anali Benjamin Abtan. Adatsagana ndi akuluakulu angapo, mmodzi mwa iwo mai Christiane Taubira, phungu wa ku nyumba ya malamulo. Sadapite kukapuma kapena kukaona nyama za m'mapiri ai. Adapita kukaima pa manda, ndi kukamvetsera anthu amene adapulumuka pamene Atutsi ankaphedwa mu 1994.

Maulendo otere si achilendo pakati pa ophunzira achiyuda. Iwo ali ndi mabungwe akale, monga Hillel limene lidayamba mu 1923 pa yunivesite ya Illinois ku America, ndi World Union of Jewish Students la mu 1924, limene pulezidenti wake woyamba anali Albert Einstein. Mu 1988 udayamba ulendo wa March of the Living, wakuti achinyamata zikwizikwi ayende pansi mtunda wa makilomita 3 kuchokera ku Auschwitz kukafika ku Birkenau m'dziko la Poland. Okonza maulendo ameneŵa cholinga chao nkuumba atsogoleri a maŵa. Tsono tiyeni tisinkhesinkhe: kodi nkoyenera kutengera mwana wa zaka 20 ku manda a anthu ochuluka chotere, nkumati kumeneko akaphunzira utsogoleri? Nanga ngati angaphunzireko kanthu, kanthuko nkotani?

Eni luso ndiwo adakonza imfa

Ambirife tikamva za maphunziro a utsogoleri timaganiza za luso: kulankhula pa gulu mopanda mantha, kuyendetsa msonkhano, kusunga bwino chuma cha bungwe, kukopa anthu kuti atsate maganizo ako. Zonsezi nzabwino, ndipo munthu angaziphunzire m'kalasi osakwera ndege. Koma mbiri ya Ayuda ndi ya Atutsi imatichenjeza za chinthu choopsa.

Pa 20 Januwale 1942, akuluakulu 15 a boma la Hitler adasonkhana ku Wannsee, m'mphepete mwa mzinda wa Berlin, kuti agwirizane m'mene nthambi za boma zingathandizirane pa ntchito yopulula Ayuda onse a ku Ulaya. Mwa anthu 15 aja, 8 anali ndi digiri ya udokotala wa maphunziro. Pofika 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa, ndipo ku Auschwitz kokha kudafera anthu ngati 1,100,000, ambiri a iwo Ayuda. Ku Rwanda nako, mmodzi mwa amene adayambitsa wailesi ya RTLM, imene inkatchula Atutsi kuti mphemvu, anali Ferdinand Nahimana, mphunzitsi wa mbiri yakale pa yunivesite. Bwalo la milandu la United Nations ku Arusha lidampeza wolakwa mu 2003. M'masiku ngati 100 okha, kuyambira Epulo mpaka Julayi 1994, anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa.

Anthu ameneŵa luso anali nalo ndithu. Msonkhano ankauyendetsa bwino, anthu ankaŵakopa, ntchito ankaimaliza pa nthaŵi yake. Chimene chidafa mwa iwo ndi chikumbumtima. Nchifukwa chake ndikuti wophunzira amene maŵa adzakhale loya, nduna, mtolankhani kapena mkulu wa asilikali ayenera kuona ndi maso ake, kamodzi kokha, kumene luso lopanda chikumbumtima limafikitsa anthu. Ku Gisozi mu mzinda wa Kigali, pa malo a chikumbutso amene adatsekulidwa mu 2004, padaikidwa anthu opitirira 250,000. Munthu wamoyo akaima pamenepo amaleka kudzifunsa kuti adzakwera bwanji pa udindo. Amayamba kudzifunsa kuti, likadzafika tsiku lake, ndi lamulo liti limene adzakane kulitsata.

Maina aŵiri

Koma ngati phunziro nlomweli, bwanji osangopita ku Poland kumene kudafera abale ao? Kupitiranji ku maliro a eni? Yankho lili m'maina aŵiri amene ophunzira aja adasenza potsika ndege ku Kigali.

Dzina loyamba linali lakuti Ayuda. Pakati pa 1942 ndi 1944, Ayuda pafupifupi 76,000 adatengedwa ku France pa sitima za pamtunda kupita ku misasa ya imfa, ndipo obwerako anali ngati 2,500 okha. Pa 16 ndi 17 Julayi 1942 apolisi a dziko la France lomwelo adagwira Ayuda opitirira 13,000 mu Paris, ana omwe. Bungwe la ophunziralo lidabadwa mu 1944, nkhondo isanathe. Ena mwa Ayuda a ku France ndi zidzukulu za ophedwawo, ena makolo ao adachokera ku Morocco, Algeria ndi Tunisia, koma onse amakula akumva nkhani imeneyi.

Dzina lachiŵiri linali lakuti nzika za France. Kuyambira 1990 boma la France lidathandiza boma la Juvénal Habyarimana ndi asilikali ndi zida, pamene chidani cha pa Atutsi chinali kukula poyera. Mu 2006 France anali asanavomere udindo wake. Padapita zaka mpaka 2021 pamene akatswiri a mbiri yakale, motsogozedwa ndi Vincent Duclert, adanena kuti France ali ndi udindo wolemera pa zimene zidachitika, ngakhale sadapeze umboni wakuti adagwirizana nao opha aja pa cholinga chao. Pa 27 Meyi chaka chomwecho Pulezidenti Emmanuel Macron adavomera udindowo ali ku Kigali.

Motero mnyamata wa ku Paris, ataima pamaso pa mai wamasiye wachitutsi, anali mbale wa olira, komanso mwana wa mudzi umene unali bwenzi la boma la opha. Apa mpamene pagona phunziro. Kulira maliro a kwanu nkwapafupi, pakuti kumeneko iwe ndiwe wolakwiridwa, ndipo palibe wokufunsa kanthu. Pa maliro a eni mpamene umazindikira kuti misozi si ya mtundu wako wokha, ndi kuti mwina dzanja la kwanu lidakhudzako imfayo. Makolo athu adati maliro nkulirana. Munthu wongofuna kuti anzake adzamlirire, iye osapondako ku siŵa ya anzake, sangasenze mudzi.

Zokaikitsa zitatu

Komabe tisafulumire kuyamikira, popeza pali zokaikitsa zimene munthu woona mtima sangazilumphe.

Choyamba, mlendo ndi mame. Ophunzira amakhala masiku oŵerengeka nkubwerera kwao, koma mai wamasiye uja amatsala, mwina moyandikana nyumba ndi amene adapha ana ake. Mu 2006 mabwalo a m'midzi otchedwa gacaca anali kuzenga milandu, ndipo opulumuka ankapereka umboni pamaso pa anansi ao. Kodi nchilungamo kuti munthu wotere atsekulenso bala lake kuti ana a eni aphunzirirepo? Ndiganiza kuti nchilungamo pokhapo ngati alendowo abwera monga timafikira pa maliro. Wofika pa maliro sayamba ndiye kulankhula. Amakhala pansi, namfedwa nkufotokoza yekha m'mene zidayendera ndi pamene afuna kulekezera. Wobwera kudzajambula zithunzi zoti akadzitamire nazo kwao wasandutsa chisoni cha mnzake kukhala katundu wake.

Chachiŵiri ndi chiyeso cha kuyerekeza mabala. Ku Ulaya anthu ambiri adaphedwa kutali ndi kwao, ndi mfuti m'maenje kapena ndi mpweya wa poizoni m'misasa. Ku Rwanda ambiri adaphedwa ndi zikwanje pa mudzi pao pomwe, ndi anthu oŵadziŵa maina. Wophunzira wofulumira kunena kuti zonse nzimodzi sadamvetsere. Wofulumira kunena kuti zakwao nzoposa adangonyamula maliro a kwao kukaŵalirira pa khomo la eni. Njira yoongoka nkulola kuti bala lako likuphunzitse kuŵaŵa kwa bala, koma la mnzako ulisiye likhale lake.

Chachitatu ndicho chachikulu. Kukumbukira masautso sikufeŵetsa mtima nthaŵi zonse. Mau akuti zisadzachitikenso angatanthauze kuti zisadzachitikire munthu wina aliyense, kapena kuti zisadzachitikire ife tokha, ena zao zimenezo. Mtundu wozunzika sukhala wosalakwa mpaka muyaya. Akatswiri a United Nations adalemba kuti asilikali a Rwanda adathandiza zigaŵenga za M23, zimene zidalanda mzinda wa Goma ku Congo mu Januwale 2025. Pa 7 Okutobala 2023 gulu la Hamas lidapha anthu pafupifupi 1,200 mu Israel ndi kugwira ena ngati 250, ndipo nkhondo imene idatsatira ku Gaza idapha Apalestina zikwi makumimakumi, pakati pao amai ndi ana ambirimbiri. Wophunzira wachiyuda wa ku Paris kapena ku Boston si boma la Israel. Kumsenzetsa mlandu chifukwa cha mtundu wake ndi chidani chakale chomwe chija chidadzaza manda a ku Poland. Koma iye mwini, monga mtsogoleri aliyense, sangathaŵe funso ili: kodi ndingathe kukhala pansi pa maliro a anthu amene akwathu amaŵatcha adani?

Ife Akatolika tisaloze chala pamenepa, pakuti nafenso ku Rwanda timafikako ndi maina aŵiri. Ena mwa malo a chikumbutso, monga Nyamata ndi Ntarama, anali matchalitchi athu, m'mene anthu adathaŵira poyesa kuti apulumukiramo. Alipo ansembe, asisitere ndi akhristu amene adafa pobisa anzao. Aliponso Bambo Athanase Seromba, amene mu 2008 adagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse chifukwa cha tchalitchi la ku Nyange, limene lidagumulidwa muli anthu osachepera 1,500. Naye adapita ku seminale, naye adaphunzira utsogoleri. Pa 20 Malichi 2017 Papa Francis adapempha chikhululukiro cha Mulungu chifukwa cha machimo ndi zolephera za Mpingo ndi ana ake pa nthaŵi ija.

Muyeso wake uli pobwerera

Ayuda ali nacho chitsanzo m'mabuku ao oyera, amene ifenso timaŵerenga. Mose adakulira m'nyumba ya Farao, ndipo utsogoleri wake udayamba tsiku limene adatuluka kukaona m'mene abale ake ankazunzikira. Poyamba adatchinjiriza Muhebri kwa Mwejipito, mwaukali wofikira kupha. M'maŵa mwake adadzudzula Muhebri amene ankamenya Muhebri mnzake. Atathaŵira ku Midiyani adatchinjiriza atsikana achilendo amene abusa ankaŵapirikitsa pa chitsime. Adayamba ndi mbale wake, kenaka adaona cholakwa cha akwao, potsiriza adaimirira anthu osaŵadziŵa konse. Kuitanidwa kwake pa chitsamba choyaka kudadza pambuyo pa zitatuzi. Ndipo malamulo a Mose amabwereza kaŵirikaŵiri kuti Aisraele asazunze mlendo, popeza iwonso adalaŵa ulendo ku Ejipito. Kukumbukira kumeneko sikudapatsidwe kuti kukhale chishango chokha, koma ngongole.

Tsono ulendo uyesedwe ndi zipatso zake. Mu 2007 lidatuluka buku la Rwanda, pour un dialogue des mémoires, lochokera pa ulendo uja. Mu 2010 Benjamin Abtan adayambitsa chigwirizano cha mabungwe olimbana ndi tsankho m'maiko a ku Ulaya, chotchedwa EGAM, chimene chidaumiriza France kuti anene zoona za Rwanda, ndi kuimirira Aroma, mtundu wonyozeka ku Ulaya umene suli wake. Mai wina wachiyuda, Anne Heyman, wobadwira ku South Africa nakhala ku America, atamva za kuchuluka kwa ana amasiye ku Rwanda adakumbukira m'mene Israel adalerera amasiye a nkhondo ya Hitler m'midzi ya achinyamata, monga Yemin Orde wa mu 1953. Mu Disembala 2008 adatsekula mudzi wa Agahozo-Shalom kufupi ndi Rwamagana. Dzinalo ndi la zilankhulo ziŵiri: loyamba la Kinyarwanda, lonena za kupukuta misozi, lachiŵiri la Chihebri, lonena za mtendere. Magulu a ophunzira a Hillel, monga a pa yunivesite ya Tufts, adayamba kupita kumeneko kukakhala ndi achinyamata anzao. Mai Heyman adamwalira mu 2014, mudziwo nkutsala.

Si onse opita amene amabwerako otere. Ena amabwerako ndi zithunzi chabe, ena ndi mantha oposa amene adapita nao. Manda paokha saphunzitsa munthu. Amangomuika pa malo pamene sangathenso kunena kuti sankadziŵa, ndipo zotsala zimachitika m'zaka za pambuyo pake, mu ofesi, m'bwalo la milandu, pa msonkhano pamene onse avomera chinthu choipa ndipo pakusoŵeka mmodzi wokana.

Inu makolo amene mukuvutika kulipirira ana sukulu, mukulakalaka kuti adzakhale atsogoleri, ndipo nkoyenera kutero. Koma makalata a maphunziro anali nao aja a ku Wannsee. Mwana wanu akadzabwerako ku ulendo wa maphunziro, kaya wakutali kaya wapafupi, musadzangomfunsa zimene adaona. Mudzamfunse kuti adakhala pansi pa maliro a yani, adamvako chiyani chokhudza akwao, ndipo nchiyani chimene kuyambira tsopano sadzalola kuchichita, ngakhale womtuma atakhala wamkulu chotani.