Kodi Njuga ya pa Lamya Ipindulitsa?

Kale munthu wofuna kuchova njuga anali kubisala kuseri kwa mudzi pamodzi ndi anzace, ndipo akuru sanacedwa kumdziwa. Lero njuga yalowa m'thumba la malaya. Kuyambira ku Mfuwe kufikira kwa Jumbe ndi kwa Msoro, mnyamata wokhala ndi lamya ya m'manja akhoza kutsegula masewera a pa intaneti ochedwa slot, nalipira ndi ndalama za m'lamya momwemo, ali cigonere pa mphasa yace. Zithunzi za zipatso ndi mabelu zizungulira, ndipo zikaima zofanana pa mzere umodzi, wapambana. Ambiri afunsa kuti, Kodi pali coipa pamenepa, popeza ndalamazo nzanga? Tiyeni tiyese mlanduwu mofatsa, monga acitira akuru pa bwalo.

Poyamba tione mmene makinawa agwirira nchito. Charles Fey wa ku San Francisco ndiye anapanga ena a makina oyamba otere m'zaka za m'ma 1890, ndipo patapita zaka 100 masewerawo anafika pa intaneti. M'kati mwace muli kompyuta yosankha manambala mwacisawawa. Iyo sikumbukira kuti mwataya kale kasanu, kotero munthu wonena kuti, Tsopano nthawi yanga yayandikira, alikudzinyenga yekha. Eni ace alemba okha kuti masewera ambiri abweza monga K95 kapena K96 pa K100 iri yonse. Kumva tere, munthu ayesa cotayikaco ncacing'ono. Koma werengani bwino. Woika K10 kakhumi pa mphindi imodzi azunguza makina ka 600 pa ora, ndiye kuti wapititsamo K6,000, pakuti zimene apambana azibwezeramonso. Pa zimenezo mwini makina atsala nazo K300 ngati abweza K95. Ndiponso gawo lalikuru la zobwezedwazo ligwera anthu owerengeka okha. Ocurukawo abwerera manja ali zii.

Caciwiri, masewerawa anakonzedwa kuti akole mtima. M'zaka za m'ma 1950 mphunzitsi wa ku America, B. F. Skinner, anaonetsa kuti nkhunda yolandira cakudya mwa apo ndi apo, osadziwa kuti cidzagwa liti, ijompha kosaleka. Momwemonso munthu: zithunzi ziwiri zafanana, cacitatu caphonya pang'ono, ndipo cala cabwereranso. Boma la Britain linaona coopsaci, ndipo m'caka ca 2021 linalamula kuti kuzunguza kumodzi kusacepere masekondi awiri ndi theka, niletsanso nyimbo za cikondwerero pamene munthu walandira zocepa kuposa zimene anaika. A World Health Organization nawo awerengera kukodwa ndi njuga pakati pa matenda. Makolo ananena zoona kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Koma wina adzati, Nanga ulimi wa kuno ku cigwa suli njuga kodi? Tibzala thonje ndi cimanga osadziwa ngati njobvu zidzatisiyira kanthu, kapena ngati Lwangwa ndi Lupande adzasefukira, kapena ngati dzuwa lidzaocha zonse monga m'cilala ca 2024. Mau awa ali ndi nzeru, ndipo tisawapeputse. Koma kusiyana kulipo. Mlimi sacita kufuna tsokalo. Alimbana nalo ndi khasu, ndi tsabola wothamangitsira njobvu, ndi kucezera usiku m'munda. Akakolola, m'dziko mwaonjezeka cakudya cimene panalibe, ndipo palibe mnansi wolira cifukwa ca nkhokwe yace yodzala. Njuga sibala ngakhale citsononkho cimodzi. Ndalama zimene wopambana asekerera ndizo za mnzace amene analephera usiku womwewo, kapena zinali za sukulu ya mwana, kapena za mbeu. Kufuna kupambana kotere ndiko kufuna kuti mbale wosadziwika ataye zace, ndipo lamulo lakhumi liletsa kusirira za mnzako.

Tsono mau aja akuti ndalamazo nzanga aima bwanji? M'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, Ambuye atiphunzitsa kuti ndife adindo osungira za Mwini wace, ndi kuti tsiku lowerengera lidzafika. Malipiro a mnyamata wogwira nchito m'misasa ya alendo a ku South Luangwa, ngakhale ndalama za thonje zobwera kamodzi pa caka, ziyembekezedwa ndi anthu ambiri: mkazi, ana, ndi agogo ace. Kumbukiraninso kuti pa Gologota asilikari anacita maere pa cobvala ca Yesu, maso ao ali pansi, osasamala za Iye wopacikidwa pamwamba pao. Njuga icita comweco ndi mtima wa munthu: imuiwalitsa amene ali naye pafupi.

Mulungu sakaniza ana ace kusewera. Nsolo ya pansi pa mtengo inola nzeru nisonkhanitsa abwenzi, ndipo wogonja apita kwao ndi thumba lace lamphumphu. Yesani masewera ali onse ndi mafunso awa: Kodi ndingauze mkazi wanga zonse ndataya mwezi uno? Kodi ndingasewere mwana wanga alikupenya? Kodi ndingayamike Mulungu pa zimene ndapambana? Njuga ya pa lamya igwa pa mafunso onse atatu, cifukwa cace tinena kuti siyenera ndalama zanu kapena nthawi yanu.

Ndipo inu akuru a mpingo, mukapeza wina wakodwa, musamcititse manyazi pa anthu, pakuti manyazi ndiwo ambisitsa ngongole zace. Khalani naye pansi, muwerenge naye zotayikazo, mumthandize kufafaniza masewerawo m'lamya, nimumlowetse m'cilimba kapena m'gulu losunga ndalama la m'mudzi. Zimene zinapita asazilondolenso. Caka catsopano ciyambe ndi zimene zatsala m'dzanja lace.