Ngozi Ikakuphonya, Funsa Cifukwa Cace

Abale athu a m'cigwa ca Domasi, munthu akafa pa nchito timamva mau awiri: ena amati linali tsiku lace, ena amati amulodza. Mau onse awiri amatseka pakamwa pa wofuna kufunsa. Kodi kufufuza gwero la ngozi ndiko kutsutsana ndi cifuniro ca Mulungu? Ife tikuti iai.

Taonani za mgodi wa malasha wa Coalbrook ku South Africa, m'masiku amene amuna athu ambiri anali kupita ku Joni. Pa 28 Disembala 1959 mbali ina ya mgodi inagumuka, koma sanafe munthu, ndipo nchito inapitirira. Pa 21 Januwale 1960 denga linagumukanso. Anchito anathawa, koma akapitao anawabweza pansi. Madzulo omwewo mgodi unagwa, nukwirira anthu oposa 430, amene mitembo yao ili komweko kufikira lero. Ofufuza anapeza kuti mizati ya malasha yosiyidwa kuti icirikize denga inali yocepa mphamvu. Cenjezo linafika kawiri, koma linasowa wolimvera.

Kuno kwathu nkhani ndi yomweyo. Woceka matabwa ku phiri la Malosa amene mtengo wamuphonya, wokumba citsime amene dothi lamugwera pa phewa, mai wa pa cigayo amene lamba wamukoka nsaru: onsewa amayamika Mulungu, ndipo acita bwino. Koma akangokhala cete, msampha utsala wochera mnzao wa mawa. Lamulo lacisanu silitiletsa kupha ndi mkondo kokha. Limatiletsanso kusiya dala cinthu cimene tidziwa kuti cingaphe.

Nanga anthu amabisiranji? Amaopa kucotsedwa nchito. Cifukwa cace mwini nchito amene amakalipira womuuza za ngozi akudzitseka yekha makutu, ndipo mlandu wa mwazi udzamtsata. Wofufuza wanzeru sayamba ndi funso lakuti walakwa ndani. Amafunsa: cingwe cinali cotani, anthu anatopa bwanji, anawaphunzitsa ndani? Boma nalo, m'lamulo lace la citetezo ca anchito la 1997, linalamula eni nchito kunena za ngozi zazikuru.

Inu aphunzitsi a mpingo, potonthoza ofedwa musaletse mafunso. Kumbutsani Akristu kuti wopulumuka ali ndi ngongole kwa anzace, ndipo ngongoleyo aibweza pakunena cimene cinacitika.