Ukafika ku Zomba, Ukafunse

Mdzukulu wanga, poti wasankhidwa kukaphunzira za chikhalidwe cha anthu ku yunivesite ku Zomba, khala apa, foniyo ilowe kaye m'thumba.

M'laibulale muli tebulo limene ophunzira amalilambalala ngati pagona njoka: tebulo la wothandiza ofufuza. Ine ndinakhalapo pa tebulo lotero zaka zambiri, ndipo ndinkawaona anyamata akuzungulira mashelefu mpaka dzuwa kupendeka, manyazi atawatseka pakamwa. Safunsa anadya phula. Komatu kufunsako kuli ndi luso lake. Ukakanena kuti ukufuna za umphawi, wothandizayo adzakulozera mabuku odzaza ngolo. Ukanene kuti ukufuna kudziwa momwe mabanja a ku Nsanje amapezera chakudya madzi akasefukira, utchulenso zaka zake. Apo ndiye adzadziwa khomo loti mukagogode.

Chiwerengero chilichonse chili ndi kwawo. Wina akakuuza kuti Amalawi alipo mwakutimwakuti, umufunse: anawerenga ndani, liti? Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo eni lipotilo, a National Statistical Office, ali konko ku Zomba. M'mbuyomo kunali kalembera wa 1966, 1977, 1987, 1998 ndi 2008. Ukayala malipotiwa pamodzi, udzaona wekha mmene anthu achulukirachulukira popanda wokuuza.

Usaiwale ku National Archives, nyumba yosunga zakale imene inayamba mu 1947. Kumeneko kuli makalata a ma DC achitsamunda, mapepala ofiira ndi ukalamba. Ukawawerenge, koma maso ali tcheru. Wolembayo anali wokhometsa msonkho. Mudzi ankauona ngati nyumba zoti ziwerengedwe. Akalemba kuti anthu akwakuti ndi aulesi, mwina anangokana thangata. Agogo a agogo ako sanapatsidwe cholembera kuti ayankhe. N'chifukwa chake pambali pa faelo ya DC uziika Mbiri ya Achewa ya Samuel Ntara, ndipo za John Chilembwe ndi 1915 ukazifunenso mu Independent African, buku limene George Shepperson ndi Thomas Price anatulutsa mu 1958. Kenaka ukakhale pamphasa ndi nkhalamba za m'mudzi, uzimve nazonso.

Intaneti sindikuinyoza ayi. Moto utapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu mu 2015, tonse tinaona kuti pepala nalo limatha. Koma uthenga wongotumizirana pa WhatsApp, wopanda dzina la mwini ngakhale tsiku, usaulowetse m'zolemba zako.

Kope ili ndakugulira. Chilichonse chimene watapa, uzilembamo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba, nthawi yomweyo, osati mawa. Sabata yoyamba ikatha undiimbire, undiuze zimene unakafunsa pa tebulo lija.