Wotchi Ndi Mboni ya Mlandu Umodzi

Ana a masiku ano akafuna kudziwa ngati munthu wamkulu amatha kusambira, funso lawo ndi limodzi: mamita 50 mumawamaliza m'masekondi angati? Amanena kusambira kwachafufumimba kuja, manja akusinthana kupalasa, miyendo ikumenya madzi, komwe eni masewerawa amati freestyle. Mukangoyankha, basi akupezerani gulu. Wopitirira mphindi yathunthu amati ndi wophunzira kumene. Wa masekondi 40 ndi kanthu amati akuyesako. Wotsika pansi pa 30 ndiye amamuvulira chipewa, poti ameneyo anadutsa m'manja mwa mphunzitsi. Ife a kuno kwa Kasakula, amene madzi tinawadziwira m'makwawa ndi m'mitsinje yotsetsereka kuchoka m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa kulowera kunyanja, funso lotere limatiseketsa. Komatu kuseka si kuyankha.

Ndiyambe ndi kuiyamika wotchiyo, chifukwa ilibe chibale. Pamowa aliyense ndi katswiri: uyu anawoloka Bua atadzaza, uyo anamira pansi mpaka anzake kuyamba kulira maliro. Wotchi siimva zimenezo, ndipo siidziwa kuti uyu ndi nyakwawa kapena mkamwini. Mu 2009 César Cielo wa ku Brazil anamaliza mamita 50 m'masekondi 20.91. Pa mpikisano wa Olimpiki wa ku Paris mu 2024, Cameron McEvoy wa ku Australia anapambana ndi 21.25, pomwe kwa amayi Sarah Sjöström wa ku Sweden anapambana ndi 23.71. Mtundawu ndi pafupifupi theka la bwalo la mpira m'litali. Munthu akaudutsa m'madzi m'kanthawi kotere, ine sinditsutsa: ameneyo thupi lake analiphunzitsa.

Nafenso ana athu anapitako ku Olimpiki. Charlton Nyirenda anasambira ku Beijing mu 2008 ndi ku London mu 2012, komwe kunalinso Joyce Tafatatha. Ku Rio de Janeiro mu 2016 kunapita Ammara Pinto ndi Brave Lifa, ndipo ku Paris kunali Filipe Gomes ndi Tayamika Chang'anamuno. Onsewa mtunda wawo unali womwewu wa mamita 50, ndipo palibe anapitirira ndime yoyamba. Ena pano amapukusa mutu, amvekere dziko la nyanja yonseyi kulephera kusambira! Amaiwala kuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Anzawo aja anakulira m'maiwe omangidwa, oyezedwa bwino, mphunzitsi ali pambali kuyambira ali aang'ono. Kwathu kuno maiwe otere akhala akupezeka m'mahotela ndi m'sukulu zolipira za m'tauni, ndipo malo aakulu osambirira a ku Lilongwe anamangidwa chaposachedwapa, pokonzekera masewera a achinyamata a m'chigawo chino cha Africa a mu 2022.

Ngakhale pakati pa akuluakulu okhaokha, nambala payokha siinena zonse. Dziwe la mamita 25 limapatsa munthu nthawi yabwino kuposa la mamita 50, chifukwa potembenuka amakankha khoma ndi mapazi n'kupeza liwiro laulere. Woyamba modumphira kuchokera pamwamba amaposa woyambira m'madzi. Ndiye palinso zaka. N'chifukwa chake mipikisano ya akuluakulu ya padziko lonse imayambira pa zaka 25, ndipo anthu amawagawa m'magulu a zaka zisanuzisanu, amuna paokha, amayi paokha. Agogo a zaka 70 omaliza m'masekondi 45 achita chachikulu kuposa mnyamata wa zaka 26 womaliza mu 38. Wongomva nambala osafunsa zimenezi ndi kandimverere, uja anakanena za m'maluwa.

Pali nkhani ya Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea, amene ku Sydney mu 2000 anasambira mamita 100 ali yekhayekha, anzake awiri atachotsedwa chifukwa chodumpha nthawi isanakwane. Anali atangophunzira kusambira miyezi yochepa, m'kadziwe ka pahotela. Anamaliza pa mphindi imodzi ndi masekondi 52.72, pomwe wopambana mendulo ya golide anathera pa 48.30. Chakumapeto manja anali atalema, mutu ukungotuluka ndi kulowa, koma khoma analigwira. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Wotchi inati iye ndi wotsiriza, ndipo siinaname. Koma za mtima umene unamufikitsa pakhomapo inalibe mawu.

Tsono tibwere kwathu. Mtsinje wa m'mapiri muno m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale sufunsa masekondi. Mvula imagwa kumtunda, iwe uli padzuwa kumunsi, ndipo khwawa limene unadumpha m'mawa popita kumunda umalipeza madzulo likulira, madzi ali ofiira, atanyamula zipika ndi mapesi. Madzi saiwala khwawa. Amene akulu athu ankati uyu amadziwa madzi sanali wothamanga. Anali munthu woima pagombe n'kuyang'ana kaye. Amaponya kamtengo kuti aone mphamvu ya madzi. Amayang'ana mwala umene amaudziwa ngati wamira kapena ukuonekabe. Amamvetsera ngati pansi miyala ikugubuduka, chifukwa madzi ogubuduza miyala amathyolanso mwendo. Akalowa salimbana nawo madzi molunjika. Amayambira chakumtunda, n'kulola kuti amutenge chopingasa mpaka akatulukire pamene anasankhiratu kutsidya, patali ndi mtengo wogwera m'madzi, poti nthambi zake zimakola munthu n'kumupanikiza pansi. Ndipo nthawi zambiri munthu yemweyu ndi amene ankati lero sitiwoloka, tigone konkuno, nsima tikadya mawa. Luso limeneli mungaliyeze ndi wotchi iti?

Kunyanja nakonso muyeso ndi wina. Msodzi wa ku Nkhotakota kapena ku Senga Bay, bwato likagubuduzika ndi mwera m'miyezi yozizira ija, mamita 50 aliwiro samuthandiza kanthu. Chimene chimamupulumutsa ndi kugwiritsa bwato, kusunga mpweya, kupirira kuzizira, ndi kusachita phuma mpaka anzake amupeze. Lewis Pugh, amene anasambira kudutsa Nyanja ya Malawi mu 1992, sanaidutse ndi liwiro la masekondi 25. Anaidutsa ndi kupalasa kodekha kwa maola ambiri. Wothamanga mamita 50 amawononga mphamvu zonse nthawi imodzi, ena osapuma n'komwe mpaka kukhoma. Kuthamanga sikufika.

Chimene chimandidetsa nkhawa si nambalayo ayi, koma zimene imachita m'mutu mwa mwini wake. Mwana wathu akapita kutauni, n'kuphunzira m'dziwe la madzi oyera, pansi pooneka, khoma lili pafupi, wopulumutsa anthu atakhala pampando, amabwera kumudzi pa Khirisimasi ali ndi masekondi ake 33 pakamwa. Mukamuuza kuti mwanawe, madzi awa si aja, amakuonani ngati wamantha. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo iye wakulira limodzi lokha. Wosadziwa kusambira amaopa madzi, ndiye amakhala kumtunda. Amene amandiopsa ine ndi wodziwa pang'ono uyu, chifukwa ndiye amavula malaya msanga. Mtsinje wa Tinkanena unakathera mu Siizi, ndipo ameneyo amawolokedwa pobwerera kumanda.

Musandimve molakwa, anzanga. Nafenso a kumudzi tisadzitame. Ambiri mwa ife timasambira mutu uli m'mwamba, miyendo ikulendewera pansi, n'kutopa tisanafike patali. Aphunzitsi a m'maiwe aja ali ndi zoti atiphunzitse: kutulutsira mpweya m'madzi, kupumira chammbali, kugoneka thupi kuti lisalemere. Munthu wamkulu amene chaka chatha ankamaliza pa mphindi imodzi, chaka chino pa masekondi 50, wotchi ikumuuza zoona, ndipo akondwere. Ikamuyerekeza ndi iye mwini wa dzulo, imagwira ntchito yabwino.

Koma wina atandipatsa ine udindo woika akuluakulu m'magulu, mamita 50 ndingawaike kumapeto. Ndingayambe ndi kumuuza munthu kuti alowe pozama atavala zovala zake, ayandame chagada osagwira kanthu, ndione ngati mpweya wake ukhazikika. Kenako asambire mamita 200 kapena 400 osaima, mosathamanga. Ndingamufunsenso chimene angachite mnzake akamamira, ndimve ngati adzatchula nsungwi, chingwe kapena chigubu chopanda kanthu asanatchule zodumphiramo yekha, pakuti womira amagwira chilichonse, ngakhale khosi la womupulumutsa. Akakhoza zimenezi, ndiye titulutse wotchi.