Musanaponye mwendo, phunzirani kukhala pansi

Ana anga a kuno ku Chongwe, ndikumva ambiri mukukamba za kachisi wa Shaolin amene anamangidwa ku Ngwerere, kumene kunachitikira mpikisano wa kung fu wa maiko a mu Afirika m'chaka cha 2023. Maso anu ali pa mateche ndi kudumpha. Ine ndikufuna muonenso chimene amonke a kumeneko amachilemekeza kuposa mateche: kukhala pansi, msana uli chilili, n'kumangotsatira mpweya polowa ndi potuluka. Kachisi wawo woyamba anamangidwa ku Henan ku China m'chaka cha 495, ndipo amasimba kuti mphunzitsi wawo Bodhidharma anakhala zaka 9 atayang'ana khoma.

Amonkewa ndi Abuda, otsatira a Buddha, amene anaphunzitsa kuti gwero la mavuto a munthu ndi chilakolako chosakhutitsidwa. Inu mumachidziwa bwino. Ndi chija chimakudzutsani pakati pa usiku kuti muone foni, chija chimakunong'onezani kuti mubetche K20 yomaliza poti mwina lero muwina. Mbuda amati usachithawe ndipo usachimvere, ungochiyang'ana chikamabwera mpaka chitapita. Madzi otunga mu mtsinje wa Chongwe nthawi ya dzinja amabwera ofiira, koma ndowa ikakhala osagwedezeka, matope amatsika okha.

Enanu mukuti izi nzachilendo, sizikhudza Mkhristu. Pitani ku Kasisi, kumene ansembe a chipani cha Yesu akhalako kuyambira 1905, mukafunse. Woyambitsa chipani chawo, Ignatius wa ku Loyola, anali msilikali wokonda ulemu. Chipolopolo cha mzinga chitamuthyola mwendo ku Pamplona ku Spain mu 1521, anagona miyezi yambiri, ndipo ali chigonere anazindikira kuti maganizo ena amamusangalatsa kanthawi kenako n'kumusiya wouma mtima, pamene ena amamusiyira mtendere wokhalitsa. Ndi iye anasiyira ana ake mwambo wofufuza mtima tsiku ndi tsiku: kuthokoza Mulungu, kupempha kuwala, kubwereza tsiku lonse ora ndi ora, kupepesa, kenako kukonzeka za mawa. Yesu mwini ankalawirira m'bandakucha kupita kwa yekha kukapemphera, ngakhale odwala ankamudikira pakhomo.

Musandimve molakwa, njira ziwirizi si imodzi. Mbuda amati mukafufuza mkati mwanu simupeza "ine" wokhazikika. Thupi, maganizo ndi zomva mumtima zimasinthasintha, ndipo mtendere umadza ukaleka kuzikakamira. Ife Akhristu timati munthu alipo ndithu, Mulungu amamudziwa ndi dzina lake, ndipo chete wathu ndi womvetsera Mwini moyo. Kusiyana kumeneku nkwakukulu, ndipo ine ndidzafa ndili Mkhristu. Komabe onse awiri amaloza nthenda imodzi, ya munthu wodzitenga ngati dziko lonse limazungulira iye. Ndi nthendayi imene imachititsa mnyamata kutola njerwa chifukwa mnzake wamuseka pa bawa, kapena mtsikana kusala chakudya chifukwa chithunzi chake pa Facebook sichinayamikiridwe. Ndaperekeza maliro a achinyamata amene mkwiyo wa mphindi imodzi unawatengera kumanda, ndipo mtima wanga sunapolebe.

Makolo athu sanapite ku China kapena ku Spain, koma anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nchifukwa chake pa bwalo la milandu wamkulu amayamba wakhala duu asanatsegule pakamwa.

Choncho ndikukupemphani chinthu chochepa. Madzulo ano, mukatha kudya, siyani foni m'nyumba, mukhale pa khonde mphindi 15. Pumani pang'onopang'ono. Dzifunseni kuti lero nchiyani chinakukwiyitsani, nchiyani munachilakalaka, ndani munamulakwira. Poyamba maganizo adzathamangira uku ndi uku, ndipo mudzafuna kunyamuka, koma musanyamuke. Ngati mwapeza kuti munalakwira munthu, mawa kukangocha mupite mukamupepese.