Mphaka Amatsata Fungo la Nsomba

Pamene asodzi akukocheza ndi usipa wa usiku, tiyeni tilingalire za amphaka osowa mwini amene amalowa m'nyumba zathu. Mphaka sabwera ndi ufiti, monga ena amanenera mpaka kudana ndi mnansi wosalakwa. Iye amatsata fungo basi. Matumbo a chambo otayidwa kuseri kwa khitchini, usipa wogona pathandala, mphika wosavundikira, ndizo zimamuitana. Tikakwirira zotsalira m'dzenje, kusunga nsomba zouma m'chotengera chotsekeka ndi kutseka mipata ya pansi pa denga, mphakayo adzasiya yekha kubwera.

Ena anganene kuti poizoni ndiye wachangu. Koma poizoni sasankha: nkhuku, galu, ngakhale mwana wokwawa akhoza kutola nyamboyo. Komanso amphaka akatha, makoswe amachuluka m'nkhokwe. Choyenera kuopa ndi chiwewe, chimene mphaka nayenso angathe kufalitsa. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.